Ndidathira Dizilo M'pikapu ya Petulo

Ambuye alemekezeke, abale anga! Aa, mwayankha ngati galimoto ya batire lakutha. Ndati Ambuye alemekezeke! Eya, tsopano yalira.

Dzina langa ndine Maliko Nyoni, kwathu ndi kuseri kwa Kasinje uko, mukaoloka kamtsinje kaja kamene kamavuta mvula ikagwa. Koma ambiri muno dzina limenelo simulidziwa, mumandidziwa kuti Tebo. Ndikuona madalaivala anzanga kumbuyoko akubisa nkhope, akabaza nawo akuseka. Musabise ayi. Ena a inu tidamwera chipanda chimodzi, ndipo ena mwalowa muno matsire asanathe. Sindikukunyozani, fungo limenelo ndikulidziwa chifukwa ndidayenda nalo zaka.

Lero ndikuuzani za galimoto. Abusa musade nkhawa, Mulungu alimo m'nkhaniyi, kungoti akwerera panjira.

Ine chiwongolero ndidachigwira kalekale. Ndidayambira pa malole a mbatatesi ku Mlangeni, kenaka mapikapu akale onyamula mpunga ku Bwanje, aja oti chitseko umamanga ndi linya. Zonsezo zidali za dizilo. Manja anga, zovala zanga, ngakhale mtsamiro wanga, zinkanunkha dizilo.

Ndili ndi alongo anga aakulu, Nanyoni. Iwowa adakhala kunja zaka zambiri akusamalira nkhalamba za eni, ndipo atabwerera kumudzi adayamba geni ya mpunga ndi mbatatesi. Geni idawayanja. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere ndi abambo athu, amene adali atakalamba, magazi akuthamanga, ali kumudzi kopanda msewu weniweni. Tsiku lina adandiitana n'kunena kuti, "Iwe Maliko, ndikufuna kugula galimoto yoti ngakhale mvula igwe sabata yonse, ikafike pakhomo pa abambo. Ndasamalira makolo a anthu ena, anga asadzafere panjira."

Mwamva? Galimotoyo idagulidwira abambo. Mpunga ndi mbatatesi zidali zongokwera nawo.

Adandionetsa pafoni pikapu yatsopano, ija yopangira mapiri ndi matope. Adati, "Ma injini alipo awiri. Dalaivala ndiwe, sankha." Yoyamba idali ya dizilo, masilinda anayi, matebo awiri owonjezera mphamvu ya injini, yokoka katundu mwakachetechete, yosawononga mafuta. Imeneyo ndiyo idali yotiyenera, ngakhale mwana akadaona. Yachiwiri idali ya petulo, masilinda asanu ndi limodzi, matebo awirinso. Nditamva kulira kwake pafonipo, abale, tsitsi lidandiimirira! Ndidayamba kupeka zifukwa. Ndidati, "Asisi, ma injini atsopano a dizilowa ndi anthenda, safuna mafuta athu akuno. Tengani ya petulo." Adandiyang'ana, adati, "Wanena ndiwe." Zoona zake ine ndinkangofuna phokosolo.

Tsiku limene idafika, mayo ine! Ndikamakumbukira mpaka pano mtima umadumpha, ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa galimoto ija ilibe tchimo. Yaitali, yotambalala, matayala onenepa a mano akuluakulu. Pansi pa injini adaikapo chitsulo chochindikala kuti miyala isaboole. Kilachi mulibe, magiya khumi imasintha yokha, phazi lamanzere limangopuma. Pali batani la mchenga, la matope, la miyala. Ukadina la difu loko, matayala onse amazungulira limodzi, ndiye ngakhale lina lilendewere m'malere, enawo amakutulutsa. Makamera kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, moti chitsa umachiona pagalasi usanachigunde. Nanga mashoko ake! Msewu uja wa mabampu wotsikira ku Bwanje, umene umagwetsa mano, ine ndinkadutsa tiyi ali m'kapu osatayika. Ndipo padali kabatani kamodzi kamene kadandipha: kosinthira kulira kwa ekizozi, paipi yotulutsa utsi ija. Ukafuna, inkanong'ona. Ukafuna, inkabangula mpaka agalu a mudzi wachitatu kuyamba kuuwa. Ine la kunong'ona sindidaligwirepo n'kamodzi komwe. Dzina la Tebo, lochokera ku matebo aja, lidayambira pamenepo.

Akulu adati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Mukudziwa mwambo wathu kuno. Dalaivala akakuthandiza, sabwerera kukhosi kouma. Pamene ndinkayendetsa zimagalimoto zakutha, ondithokoza adali ochepa. Koma tsopano ndidali munthu wofika kumene ena safika. Lole yatitimira m'dambo, itanani Tebo. Mkwati watsekeredwa kutsidya, itanani Tebo. Ndikakoka, chipanda cha masese chafika kale. "Tsukani fumbi, adalaivala." Kukana ndi mwano. Ndipo ndinkadzinyenga kuti ndine Mngoni, mowa ndi wamakolo. Masese adaitana kachasu. Kachasu wa madzulo adaitana wa m'mawa wochotsera matsire. Posakhalitsa kabotolo kadapeza malo ake m'thumba la chitseko. Mayi a kunyumba adalankhula, ndidawauza kuti galimoto iyi ndi yanzeru, imadziyendetsa yokha. Asisi adandinunkhiza kawiri, ndidati ndi mankhwala a dzino. Mafuta amene ankandipatsa a ntchito ndinkawathera kubangulitsa injini pamisika kuti anthu aombe m'manja. Thanki nthawi zonse inkakhala pansi.

Tsopano mvetserani bwino, apa ndipo pali nkhani.

Idali nthawi ya mvula, chimanga chitamasula. Tsiku la msika ku Bwanje, dzuwa lisanafike pamutu, ine ndidali nditakhuta kale mowa. Foni idalira. Adali Asisi, ali kumudzi.

"Iwe Maliko, uli kuti? Abambo agwa kubafa. Pakamwa papotoka, sakuyankhula. Bwera ndi galimoto msanga!"

Ndidati, "Ndanyamuka kale, Asisi."

Ndidaulukadi. Mmene ndidafikira ku Kasinje osapha munthu, adziwa ndi Mulungu. Koma kanyali ka mafuta kadali katayaka kuchokera dzulo lake, ndipo nthawi imeneyo mafuta ankasowa, mukukumbuka mizere ija. Ndidaima pamene bambo wina ankagulitsa mafuta a m'zigubu pansi pa mtengo wa mango. Ndidatsegula pothirira, foni ili kukhutu, Asisi akuimbanso.

Bamboyo adafunsa, "Dizilo eti, bwana?"

Imvani yankho la chidakwa. Ndidati, "Nanga pikapu imamwa chiyani? Thirani msanga!"

Zaka zonse zija za dizilo ndizo zidayankha, mutu wanga udali utagona. Injini imene ndidaisankha ndekha, imene ndinkaitama pamsika uliwonse kuti iyi ndi ya petulo, ndidaiiwala. Ndipo taonani, pa pampu sizikadatheka, chifukwa mlomo wa paipi ya dizilo ndi waukulu, sulowa pathanki ya petulo. Opanga galimoto ija adaganiza zonse, koma sadaganize za botolo lodula pakati limene timathirira kuno. Chigubu chonse chidalowa bwinobwino.

Ndidakhota kulowa njira ya kwathu. Poyamba idayenda. Kenaka idayamba kutsokomola. Ndidaponda, idanjenjemera. Kumbuyo utsi woyera uli tolotolo. Pagalasi nyali zonse zidayaka. Ndidadina la matope, ndidadina la miyala, ndidadina difu loko, ndidadina chilichonse chodinika. Idapuma kamodzi, n'kuzima. Ndipo idazimira pamalo oipa, paja njira imapanikizika, uku chigwembe, uku munda wa chimanga. Nditatsika ndi kununkhiza utsi uja, mowa wonse udatsikira kumapazi. Ndidadziwa chimene ndachita.

Ndidakhala pamenepo, foni ikulira, ine osayankha. Ndikadati chiyani?

Patapita nthawi, sindikudziwa yaitali bwanji, ndidamva mkwapulo ndi mawu a munthu wokusa ng'ombe. Ndidakweza maso. Ngolo inkabwera kuchokera kumudzi, pang'onopang'ono, ng'ombe zili matope mpaka m'mimba. Anthu anayi asanu akuyenda m'mbali. Mmodzi adali atagwira ambulera pamwamba pa ngoloyo. Ndidazindikira chitenje cha Asisi.

Abale, m'ngolomo mudali abambo anga. Atadikira galimoto mpaka kutopa, anansi adawagoneka pa matiresi n'kumanga ng'ombe. Adaoloka kamtsinje kaja madzi ali m'chiuno. Ndipo tsopano ngolo idaima, chifukwa njira idali yotsekeka. Galimoto imene idagulidwa kuti idzawapulumutse ndiyo idawatsekera njira.

Ndidayandikira. Abambo adali chigonere, mbali imodzi ya nkhope itagwa, malovu akutsika. Koma maso adali amoyo. Adandiyang'ana. Adayang'ana galimoto. Adandiyang'ananso. Milomo idayesa kuyenda, mawu osatuluka. Bambo amene adandiphunzitsa kumanga goli, amene adagulitsa ng'ombe kuti ndikaphunzire kuyendetsa, adangondiyang'ana.

Ndinkayembekeza kuti Asisi andimenya mbama, ndipo ndikadakondwa. Sadatero. Adaima patsogolo panga, miyendo ili matope, fungo langa likuwafika. Adayankhula motsitsa.

"A Nyoni, tasunthani galimoto yanuyi ng'ombe zidutse."

A Nyoni. Yanu. Munthu amene adandibereka kumsana, amene moyo wanga wonse ankanditi iwe, tsiku limenelo adandipatsa ulemu wa mlendo. Ndatukwanidwapo m'mabala, ndamenyedwapo, koma palibe chidandipweteka ngati ulemu umenewo.

Amuna aja adasiya wodwala n'kuyamba kukankha chigalimoto changa. N'cholemera, abale, ndipo matayala onenepa aja m'matope sakankhika. Tidalimbana nacho mpaka tidachigwetsera m'chimanga cha eni. Ngolo idadutsa. Ndidafuna kutsatira, Asisi adangokweza dzanja osacheuka. Ndidatsala nditakhala m'matope, ndikulira mokweza, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Abambo adafika kuchipatala, ndipo adawatumiza ku boma. Adati ndi sitiroko. Moyo udapulumuka, Ambuye alemekezeke! Koma dzanja lamanja ndi mwendo sizidabwerere, ndipo mawu adatsala ochepa. Achipatala adati nthenda imeneyi imafuna kufika msanga. Kaya ndikadafika nthawi yabwino dzanja lija likadatsala, palibe amene angandiuze. Funso limenelo ndimayenda nalo, ndipo sindikubisirani.

Tsopano ndinene mmene ndidadzukira, chifukwa sindidaime pano kuti mundimvere chisoni.

Mdyerekezi adafulumira kundipatsa bodza labwino: unene kuti wogulitsa mafuta uja ndiye adalakwitsa. Anthu akadakhulupirira, ndipo achinyamata ena adali okonzeka kukamutayira zigubu zake. Ndidapita kwa Asisi, ndidagwada pakhonde, ndidati, "Munthu uja adandifunsa. Ndidamuuza ndine. Ndidali nditaledzera." Adati, "Ndamva. Siyani makiyi patebulopo." Kunena zoona sikudandibwezere kanthu tsiku limenelo, koma mukafuna kudzuka, yambirani pamenepo. Musanamizire chigubu.

Galimoto adaikokera kugalaja. Makaniko adatsitsa thanki, adakhuthula zonse, adatsuka mapaipi, adasintha sefa ndi mapulagi. Ndidamufunsa ngati sizikadatheka kungothira petulo wambiri pamwamba kuti zisakanikirane. Adaseka, adati, "Tebo, zoipazo zikapanda kutuluka zonse, izimanso." Injini idapulumuka, idalira ngati kale. Ine ndidatenga mawu amenewo kupita nawo kunyumba, chifukwa ndidali nditayamba kale kudziuza kuti ndingochepetsa, ndizingomwa masese a pamwambo basi.

Asisi adalemba dalaivala wina, a Zimba, munthu wofatsa wa mpingo. Ine ndidapempha ntchito iliyonse. Adandiika kumbuyo, kunyamula matumba. Taganizani, Tebo yemwe uja, ali pamwamba pa matumba a mpunga, fumbi lili m'maso, kudutsa pamsika womwe uja ndinkabangulitsira injini! A Zimba ekizozi adaiika pa kunong'ona, sadaisunthenso. Anthu ankakuwa, "Tebo, injini yazima?" Ndinkangokweza dzanja. Manyazi sapha, abale, ndayesa ine.

Ntchito ina ndidadzipatsa ndekha: kusambitsa abambo m'mawa uliwonse ndi kuwameta ndevu. Apa ndipo padaonekera kuti mowa sudali m'mutu mokha. Manja ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda. Tsiku lina ndili ndi lezala pakhosi pawo, dzanja lidayamba kuvina. Abambo adakweza dzanja lawo lamanzere, lamoyo lija, adandigwira pamkono mwamphamvu mpaka kunjenjemera kudaleka. Tsiku lomwelo ndidapita kuchipatala n'kukanena poyera kuti ndine chidakwa, ndikufuna kusiya, thupi likukana. Adandithandiza, adandipatsa mankhwala, adandiuza kuti ndizibwera. Ndikukupemphani, ngati mwafika pomanjenjemera, musalimbane nazo nokha kunyumba, zimatha kukugwetsani. Pitani kuchipatala. Pemphero ndi mankhwala sizidana.

Chovuta kwambiri chidali mwambo uja. Ngakhale wonyamula matumba amapatsidwa chipanda. Ndidaphunzira kuyankha ndisanakhale pansi: "Zikomo, koma mukafuna kundithokoza, ndipatseni nzimbe." Poyamba ankakwiya. Ena ankati, "Mngoni wanji wokana mowa?" Ndinkati, "Mngoni amene abambo ake adakwera ngolo galimoto ilipo." Chipandacho ankachibweza. Lero m'midzi yonse ya kumunsi akandiona amathamangira kumunda, kunyumba kwanga nzimbe ndi nthochi sizitha! Benchi la pamsika limene tinkamwerapo ndidalisiya, ndimazungulira njira ina ngakhale italike. Ndipo Lachitatu lililonse ndimakhala muno m'mapemphero ndi inu, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ndidagwapo kamodzi, pamaliro a msuweni wanga, sindinama. Mawa lake ndidabwera kudzanena pamaso pa gulu lino, ena mukukumbuka, ndipo tidayambiranso.

Mvula idatha, ina idabwera, inanso idabwera. Ine ndili kumbuyo kwa pikapu. Asisi ankandilankhula bwinobwino, ankandipatsa chakudya, koma ndidali a Nyoni. Makiyi sindidawapemphe. Ndidali nditavomera mumtima kuti mwina abambo sindidzawanyamulanso.

Mwezi wathawu, tamverani izi! Mwezi wathawu lidafika tsiku loti abambo akaonedwe ku boma. Mvula idagwa usiku wonse, kamtsinje kadadzaza. M'mawa a Zimba adaimba kuti kwawo kwagwa zovuta, sabwera. Ine ndidali nditamaliza kuwameta abambo, ndikutaya madzi kuseri. Nditabwerera ndidapeza Asisi ataima pakhonde, akuyang'ana mitambo. Adayang'ana abambo. Adayang'ana ine nthawi yaitali. Kenaka adaponya makiyi, adandigunda pachifuwa.

"Iwe, ukuyang'ana chiyani? Kalize galimoto, tichedwa."

Abale, ndidatsala pang'ono kuvina ngoma pabwalo pomwepo! Ndidathamanga, ndidailiza, ndidaiyandikiza pakhonde penipeni, ndidatsegula chitseko chakutsogolo. Ndidapita kukawanyamula abambo. Koma titafika pachitseko, adaponda pansi ndi mwendo wamoyo uja, adakana kukwera. Adagwira chitseko ndi dzanja lamanzere, adanditembenukira. Milomo idalimbana, mawu akutuluka limodzilimodzi, movutikira.

"Wa... thira... chiyani?"

Ndidati, "Petulo, abambo. Ndathira ndekha, pa pampu, ndaona ndi maso anga."

Adapukusa mutu. Adasiya chitseko, adandiloza pamimba ndi chala.

"Umu."

Misozi idangotsika. Ndidati, "Tiyi, abambo. Tiyi ndi chinangwa."

Adandikokera pafupi, adanunkhiza mpweya wanga, monga ankachitira ndili mnyamata ndikabwera mochedwa. Adandiyang'ana m'maso. Mbali yamoyo ya nkhope yawo idamwetulira.

"Tiye."

Ndidawakweza, ndidawamanga lamba, ndidadina la matope, ndipo tidaoloka kamtsinje kaja pang'onopang'ono, madzi akumenya zitseko, dzanja la abambo lili pabondo langa mpaka kutsidya.

Inu amene mwakhala kumbuyoko, tsiku lina foni yanu idzalira, ndipo kudzakhala munthu wanu akudikira. Ikadzalira, mudzakhale mutathira chiyani?

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.